Kodi miyala ya ku Troodos inachokera kuti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti miyala ya m'mapiri a Troodos pachilumba cha Cyprus inali pansi pa nyanja, ndiye akufunsa kuti chiphalaphala chake chinatulukira pati: pakati pa nyanja pomwe nthaka imang'ambika, kapena pomwe chigawo china cha nthaka chimamira pansi pa chinzake?

Zikomo anzanga, mwafunsa zimene zinakanganitsa akatswiri a miyala kwa zaka zambiri.

Troodos ndi ophiolite, chibenthu cha pansi pa nyanja yakale ya Tethys chomwe chinakankhidwira kumtunda. Chinapangika zaka pafupifupi 90 miliyoni zapitazo. M'mphepete mwa mapiriwo muli miyala yobulungira, yosanjikizana ngati mitsamiro. Imatero chiphalaphala chikatulukira m'madzi ozizira, khungu lake n'kuuma pompopompo. Mukamakwera mumapeza miyala yoimirira m'mizere yothithikana, uliwonse utaloŵa mu mng'alu wa unzake. Mizere imeneyi ndi umboni woti nthaka inkakokedwa uku ndi uku. Mu 1968 katswiri wa miyala Ian Gass ananena kuti apa panali pansi pa nyanja.

Mu 1973 Akiho Miyashiro wa ku Japan anaunika zomwe zili m'kati mwa miyalayo, nati yambiri ikufanana ndi ya mapiri ophulika a pazilumba zokhala pamwamba pa chigawo chomira. Anzake anamutsutsa koopsa, komatu bamboyu anaona chinthu chenicheni. Chigawo chikamamira chimapita ndi madzi. Chikafika kotentha, madziwo amatuluka n'kuloŵerera m'miyala ya pamwamba pake ya mantle (gawo lotentha la pansi pa khungu la dziko), ndipo mwala wonyowa suchedwa kusungunuka. Chiphalaphala chotere chimasiya chizindikiro: chitsulo chotchedwa niobium chimachepa, ndipo ndi mmene ilili miyala ya ku Troodos. Ku Troodos kulinso boninite, mwala wa magnesium wambiri, wochokera ku mantle yomwe inasungunukapo kale, madzi n'kuisungunulanso kachiŵiri. Mwala womwewu uli ku zilumba za Bonin za ku Japan, kumene kumira kunayamba zaka pafupifupi 52 miliyoni zapitazo.

Ine ndili kumbali ya Julian Pearce ndi anzake, amene mu 1984 anagwirizanitsa mbali ziŵirizi. Nthaka inang'ambikadi, koma inang'ambikira pamwamba pa chigawo chomwe chinkamira.

Musatengere pamenepa n'kuweruza ophiolite aliyense. Miyala ya pachilumba cha Macquarie, kumwera kwa New Zealand, inapangika pa mng'alu wa pakati pa nyanja.