Mufunse Tikuyankheni: Zidole za pa TV zikasanduka filimu, chimasokonekera ndi chani?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Leicester kuno ku UK ndi ana anga awiri, wamkulu ali ndi zaka 9. Aneba athu, bambo achikulire ndithu, anatibwereka ma DVD a Thunderbirds, pulogalamu yakalekale ya zidole za zingwe ija, akuti ankaonera ali mwana. Ana anga anaikonda zosaneneka mpaka tinakasaka filimu yake ya 2004, koma titaiika onse anangoti ndwii, wamng'onoyo mpaka anagona ili pakati. Aneba aja ndiye safuna n'kuimva komwe. Zimatheka bwanji kuti filimu ya ndalama zambirimbiri igonje kwa zidole zoonekera zingwe? Kapena vuto ndi ana angawa? Mayi wa ana awiri, Leicester.

YANKHO: Mayi, ana anuwo alibe vuto ayi, aona zomwe anthu ambiri anaona filimuyo itangotuluka. Inadya ndalama pafupifupi madola 57 miliyoni koma mmakanema inabweza mwina theka lokha, ndipo Gerry Anderson, yemwe anayambitsa Thunderbirds pamodzi ndi mkazi wake Sylvia, sanagwire nawo ntchitoyo ndipo ataionera anaidzudzula poyera osabisa mawu.

Tiyambe ndi yakaleyo. Inatuluka pa ITV mu 1965, zigawo zonse zinali 32, ankajambulira ku Slough pafupi ndi London. Nkhani yake mwaiona kale, Jeff Tracy ndi anyamata ake asanu, Scott, Virgil, Alan, Gordon ndi John, amathamangira kulikonse kwagwa ngozi ndi ndege zawo zija. Koma chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti kukoma kwa pulogalamuyo kunachokera pa zomwe zidolezo zinkalephera kuchita. Chidole cha zingwe sichitha kuyenda bwino, chimangokhala ngati chikuyandama, ndiye a Anderson anaganiza zoti asamaziyendetse kwambiri, m'malo mwake munthu azikhala pampando, mpandowo uzitsetsereka wokha, khoma lizitembenuka, damu losambira lizitseguka kuti Thunderbird 1 ituluke pansi pake, migwalangwa izipendekera kumbali kuti Thunderbird 2 idutse. Ndikhulupirira ndi pamenepo pomwe ana anu amaimirira pa sofa. Pakamwa pa zidole pankatseguka ndi kachipangizo ka magetsi kotsatira mawu omwe anajambulidwa kale, ndipo pakafunika kuonetsa dzanja likudina batani ankangojambula dzanja la munthu weniweni. Ndege, milatho, nyumba zophulika, zonsezo zinali timamodelo tomanga ndi manja, Derek Meddings ndi anzake ankatithira ndi dothi lomwe kuti tioneke togwira ntchito. Mwana amadziwa bwinobwino kuti akuona zoseweretsa, ndipo ndi chomwecho chimamukoka, chifukwa naye ali nazo zoseweretsa zake pansi pa bedi.

Ndiye a filimu ya 2004 aja, yomwe anatsogolera Jonathan Frakes, anachotsa zidole zonse n'kuikapo anthu, Bill Paxton ngati Jeff, Ben Kingsley ngati The Hood, mdani wawo. Osewera abwino zedi, palibe angatsutse. Koma chomwe chimandipweteka ine kwambiri ndi choti anatenga bambo uja ndi anyamata anayi akuluakulu n'kuwatsekera mumlengalenga mu Thunderbird 5 pafupifupi filimu yonse, nkhani n'kuipereka kwa Alan ali mwana wasukulu ndi anzake awiri akuthamangathamanga pachilumba. Maganizo awo anali oti ana amafuna kuona ana anzawo. Si zoona zimenezo. Ana a mu 1965 ankakonda kuona akuluakulu akugwira ntchito yovuta mofatsa, akupulumutsa anthu nthawi itatsala pang'ono kutha, ndipo anu a lerowa akonda zomwezo. Ngakhale galimoto ya pinki ya Lady Penelope, kazitape wawo wa ku England, yomwe inali Rolls-Royce, anaisandutsa Ford. Makolo omwe anakula nayo pulogalamuyo, amene amalipira matikiti, anaona kuti alandidwa chinthu chawo, ana nawo sanapezemo chachilendo choti sangachipeze mu filimu ina iliyonse.

Koma musaganize kuti zimakanika nthawi zonse. Aonetseni The Muppets ya 2011 muone. Zidole zimenezi ndi za Jim Henson, amene anasoka Kermit, chule wobiriwira uja, mu 1955 kuchokera ku jasi yakale ya mayi ake, maso n'kuika kampira ka tenesi ya patebulo kodula pakati. The Muppet Show inkajambulidwa konko ku England, ku Elstree, ndipo inkaonetsedwa pa TV kuyambira 1976 mpaka 1981. Henson anamwalira mu 1990, Disney inagula zidolezo mu 2004, ndipo pofika 2011 ana ambiri sankazidziwanso. Jason Segel ndi Nicholas Stoller polemba filimuyo sanabise zimenezo, anazisandutsa nkhani yeniyeniyo: zidole zabalalika, anthu aziiwala, holo yawo yakale munthu wina wachuma akufuna kuigwetsa kuti akumbe mafuta, ndiye zikusakanasakana kuti zipange shoo imodzi yopezera madola 10 miliyoni. Kholo limamva chisoni chake, mwana amaseka zake, onse pa sofa imodzi. Ndipo Kermit anakhalabe nsalu yokhala ndi dzanja la munthu mkati, kompyuta anaigwiritsa ntchito kwambiri pofufuta oyendetsa zidole pomwe akuonekera. Dzanja limenelo ndi lofunika mayi, chifukwa Amy Adams, yemwe anasewera mufilimuyo, akamayankhula ndi chidole chimakhala chilipo pamaso pake, chimapendeketsa mutu, chimamuyankha pompo, sakuyankhula ndi mpweya ayi. Henson mwiniwake pojambula The Muppet Movie ya 1979 analowa mu chithanki pansi pa madzi, dzanja lili mmwamba, akudzionera pa ka TV kakang'ono, kuti Kermit aoneke atakhala pachipika pakati pa dambo akuimba banjo. Filimu ya 2011 ija inabweza ndalama zake kangapo ndipo nyimbo yake imodzi inapata Oscar.

Za Thunderbirds, sakani Thunderbirds Are Go yomwe inayamba mu 2015 pa ITV. Anthu ake ndi a pakompyuta koma malo ambiri ndi timamodelo tenitheni tomangidwa ku New Zealand, ndipo anyamata asanu aja ndi amene amapulumutsa anthu. Muwaitane aneba anuwo adzaonere limodzi ndi ana.

FUNSO: Ndili pa Joni, mwana wanga sachoka pa TV ikafika Takalani Sesame. Ilipo filimu ya zidole zimenezi yoti ndingamugulire? Bambo wa ku Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, Takalani Sesame inayamba mu 2000 pa SABC, ndi mphukira ya Sesame Street ya ku America yomwe inayamba mu 1969. Ya ku Americayo ili ndi mafilimu awiri omwe analowa mmakanema, Follow That Bird ya 1985 ndi The Adventures of Elmo in Grouchland ya 1999. Ngati mwana wanu amakonda Elmo yambani ndi yachiwiriyo, si yaitali ndipo nkhani yake ndi yosavuta, Elmo akusaka bulangete lake lomwe latayika. Kungoti Kami, chidole chachikasu chija chomwe chinabwera mu 2002 kudzaphunzitsa ana za HIV, simumupezamo, iye ndi wa konko ku South Africa, ndiye muuzirenitu mwanayo asakadikire pachabe.