Bambo akufunsa kuti fizikisi imeneyi ndidzadya nayo chiyani

Wophunzira wina wa chaka chachitatu cha fizikisi walemba kuti mtima wake uli pa kafukufuku wa charge ordering, koma bambo ake sakuona ntchito imene ingatulukemo.

Bambo akufunsa zoona, musawanyoze. Koma yambani mwawafotokozera chimene mukufunacho. Mu waya wa kopa ma elekitironi amangoyenda, osalabadirana. Mu zinthu zina, monga nickel oxide, amakankhana kwambiri moti aliyense amakakamira pa atomu yake, magetsi osadutsa. Mukachotsako ochepa, zimene amati doping, otsalawo nthawi zina amadzindandalika okha, pena m'mizere, pena atomu iyi yochuluka chaji, yoyandikana nayo yochepa. Kudzindandalika kumeneku ndiko charge ordering. Zimafika pokoma ma atomu akakhala atatuatatu pa makona. Iliyonse ikufuna kusiyana ndi inzake, koma ziwiri zikasiyana, yachitatu ifanana ndi imodzi basi, ifune isafune. Imeneyo ndiyo frustration, ndipo madongosolo achilendo amabadwira pamenepo.

Ntchitoyi si ya anthu a phuma. Mu 1939 wasayansi Evert Verwey anaona kuti magnetite, mwala wa chitsulo wokhala ndi mphamvu ya maginito, ikazizira kufika cha pa 120 K (pafupifupi -153 °C) imayamba kukana magetsi mwadzidzidzi. Mmene chaji imakhalira m'katimo asayansi anadzatulukira bwinobwino mu 2012. Zaka zoposa 70 pa mwala umodzi!

Ndiye limbikirani linear algebra, quantum mechanics ndi statistical mechanics, komanso phunzirani Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, panopa, osadikira masitazi. Ine ndimawauza ophunzira kuti amene masamu akumuvuta asadzinamize kuti kulabu akapumulako. ICTP, malo ofufuzira za fizikisi a ku Trieste ku Italy, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya condensed matter, nthambi ya fizikisi imene kafukufukuyu alimo, yokonzekeretsa anthu PhD. Ngati manja anu amakonda zoyesayesa, funani mphunzitsi amene amalima makristalo kapena amene amakayeza zinthu ku ESRF, malo oyezera zinthu ndi ma X-ray amphamvu ku Grenoble, ku France.

Malo a uphunzitsi kuyunivesite ndi ochepa, izi musawabisire bambo. Ambiri amakathera ku makampani a semiconductor (zopangira tizipangizo ta m'makompyuta ndi m'mafoni), a mabatire, kapena kosanthula deta. Ndipo kumeneko si kutaya njira. Mu sodium cobalt oxide ma atomu a cobalt amakhala pa makona atatu omwe aja, ndipo sodium ikatsala theka chaji imadzindandalika. M'bale wake ndi lithium cobalt oxide, amene ali m'mabatire a mafoni ambiri. Pokambirana ndi bambo, apempheni atulutse foni yawo, muyambire pamenepo.