Mano a agogo saguluka chifukwa cha ukalamba wokha

Achemwali ena omwe amasamalira okalamba ku Leeds, ku England, andilembera imelo kufunsa chifukwa chake agogo amalowa m'nyumba zosungira okalamba ali ndi mano awo, koma posapita nthawi mano aja n'kuyamba kuguluka. Achemwali, funso lanuli landikhudza, poti ntchito imeneyi ndinaigwirapo.

Komwe ndinkagwirako, m'mawa tinkakhala awiri basi. Kusambitsa, kuveka, kusintha mapadi, uku belu likulira chipinda china. Mswachi unkadikira kuti nthawi itsale, ndipo siinkatsala. Agogo ena aakazi odwala matenda oiwalaiwala ankakukuta mano ukangoyandikitsa mswachi, ogwira ntchito n'kulemba m'buku kuti akana. Kenako anasiya kudya. Aliyense ankati matenda akula. Mwana wawo ndiye anawayang'ana m'kamwa n'kupeza usinini wotupa, mano awiri akugwedera. Munthu ankamva ululu koma mawu oti anenere analibe. Mpaka lero zimandipweteka.

Ndiye zoti mano amatha ndi ukalamba ine ndimakana. Ngakhale kumudzi timatero, dzino likangowawa timati kazulitseni, ngati palibe njira ina. Okalamba ambiri amamwa mankhwala a BP, okodzetsa, a nkhawa, ndipo ambiri mwa amenewa amaumitsa m'kamwa. Malovu ndi amene amatsuka ndi kuteteza mano. Akachepa, kuwola kumayambira kutsinde komwe usinini wabwerera m'mbuyo. Onjezani tiyi wa shuga ndi mabisiketi tsiku lonse. Matenda a shuga amakulitsa matenda a usinini, fodya chimodzimodzi. Wa sitiroko kapena nyamakazi sangagwire mswachi bwino. Ndipo tizilombo ta m'kamwa mosatsuka tikalowa m'mapapo timayambitsa chibayo, zimene mabwana ambiri saziganizira n'komwe. Mu 2019 bungwe la CQC, lomwe limayang'anira nyumba zosamalira anthu, litayendera nyumba zimenezi ku England linapeza kuti pafupifupi theka sizinkaphunzitsa ogwira ntchito kasamalidwe ka m'kamwa. Theka! Pamenepo mlandu si wa inu nokha, ndi wa eni nyumba.

Tsono muchite chiyani?

Atsukeni mano kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, alavule koma asachukuche. Akakana, bwereraninso nthawi ina, muime pambali pawo, dzanja lanu pamwamba pa lawo. Mano oikirira azichotsedwa usiku n'kutsukidwa. Azimwa madzi pafupipafupi. Mukaona magazi, fungo kapena kukana chakudya, lembani ndipo kakamirani kwa manijala mpaka dokotala wa mano awaone.