North Korea: Mabomba a Nyukiliya Pomwe Anthu Ali ndi Njala, Zikutheka Bwanji?

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa motere: "Ndimamva kuti ku North Korea anthu amagona ndi njala, koma boma silileka kuyesa mizinga ndi mabomba a nyukiliya. Kodi mtsogoleri wawoyo mutu wake ukugwira? Nanga mayiko akuluakulu akulephera chiyani kumuletsa?"

Amayi, ine sindikhulupirira kuti Kim Jong Un ndi wamisala. Ndi wankhanza, zimenezo palibe wotsutsa, koma akudziwa chimene akufuna: kuti banja lake lisachoke pampando. Agogo ake, Kim Il Sung, analamula kuyambira 1948 mpaka imfa yawo mu 1994. Bambo ake, Kim Jong Il, anatenga mpaka 2011. Iye ndi wachitatu.

Choyamba kudziwa n'chakuti nkhondo ya ku Korea sinathe. Japan itagonja mu 1945, dzikolo linagawidwa pawiri, Soviet Union kumpoto, America kumwera. Mu June 1950 asilikali a kumpoto analowa kumwera, ndipo pa zaka zitatu zotsatira anthu mamiliyoni anafa. Ndege za America zinasandutsa mizinda yambiri ya kumpoto kukhala mabwinja. Chimene anasainirana ku Panmunjom pa 27 July 1953 chinali chongoti aleke kaye kuwomberana. Pangano la mtendere silinasainidwe mpaka lero, ndipo asilikali a America pafupifupi 28,500 akadali ku South Korea. Boma la ku Pyongyang, likulu la North Korea, limaonetsetsa kuti mwana aliyense akule akudziwa zimenezi, kungoti limamuphunzitsa kuti woyambitsa nkhondoyo anali America.

Kenaka pali nkhani ya Libya. Mu 2003 Muammar Gaddafi anavomera kusiya ntchito yake yopanga zida za nyukiliya, mayiko a azungu n'kumuombera m'manja. Mu 2011 ndege za NATO zinathandiza omuukira, iye n'kuphedwa. Akuluakulu a ku North Korea anenapo poyera kuti anatolapo phunziro. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iwo anatuluka m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 2003, anaphulitsa bomba loyamba mu 2006, ndipo pofika September 2017 anali atayesa kasanu ndi kamodzi, konseko ku Punggye-ri. Mu November chaka chomwecho anaulutsa mzinga wa Hwasong-15, umene akatswiri anati utha kufika ku America kwenikweniko.

Tsono za njala. Mwina mukuganiza kuti anthu anjala akanaukira kalekale. M'zaka za m'ma 1990, Soviet Union itagwa ndi kuleka kutumiza mafuta otchipa, madzi osefukira a mu 1995 atakokolola minda, kunagwa chilala cha chakudya chimene chinapha anthu mazanamazana a zikwi, ena amati oposa miliyoni. Boma silinagwedezeke. Chifukwa chake n'chakuti munthu wa kumeneko alibe poyambira. Pali dongosolo lotchedwa songbun, loika banja lililonse m'gulu malinga ndi mmene makolo ake anakhulupirikira ku boma, ndipo gululo ndi limene limanena komwe ukhale, sukulu imene upite ndi ntchito imene ugwire. Wailesi zimagulitsidwa zitatsekeredwa pa masiteshoni a boma. Intaneti imene tikugwiritsa ntchito ine ndi inuyi, munthu wamba kumeneko saiona. Ukalakwira boma, achibale akonso akhoza kutengedwa nawe limodzi. Mu 2014 komiti ya United Nations yotsogozedwa ndi Michael Kirby inati anthu apakati pa 80,000 ndi 120,000 anali m'misasa ya akaidi a ndale. Kwa boma lotere, njala si yoopsa kwenikweni. Choopsa n'chakuti anthu ake aone mmene abale awo a kumwera akukhalira.

Funso lanu lachiwiri yankho lake lili pa mapu. Mzinda wa Seoul, likulu la South Korea, uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera kumalire, ndipo mizinga wamba ya kumpoto, osatchula za nyukiliya, ikhoza kuufika. Aliyense wofuna kuthira nkhondo Pyongyang ayenera kuyamba wawerenga maliro a ku Seoul.

Zilango za malonda ndiye zilipo zambiri. Mu 2017 United Nations inaletsa North Korea kugulitsa kunja malasha, nsalu ndi nsomba, n'kuchepetsanso mafuta amene ingagule. Koma malonda ake oposa 90 peresenti imachita ndi China, ndipo China, ngakhale mabombawo sakuisangalatsa, sikufuna kuti boma la Kim ligwe. Likagwa, anthu othawa adzakhamukira kutsidya la mtsinje wa Yalu, umene uli pamalire a North Korea ndi China, ndipo asilikali a America akhoza kudzafika pamalire pake penipeni. Choncho imafinya, koma mosapha.

Kukambirana kunayesedwanso. Donald Trump anakumana ndi Kim ku Singapore mu June 2018, zithunzi zinali zokongola, koma ku Hanoi mu February 2019 anabalalika opanda pangano. Kim ankafuna kuti zilango zikuluzikulu zichotsedwe posinthana ndi kutseka malo a zanyukiliya a Yongbyon, America inkafuna zoposa apo.

Kuchokera pamenepo, mmene ndikuonera ine, Kim anasiya kudikira America. Kumayambiriro kwa 2024 analengeza kuti South Korea ndi mdani wamkulu ndipo zogwirizanitsanso Korea zatha. Mu March chaka chomwecho Russia inakana kuti gulu la akatswiri a United Nations loyang'anira zilangozo lipitirize ntchito. Mu June, Vladimir Putin anapita ku Pyongyang kukasainirana pangano lothandizana pa nkhondo, ndipo posakhalitsa asilikali a North Korea anapezeka akumenyana ndi a Ukraine m'chigawo cha Kursk ku Russia, zimene Pyongyang inavomereza mu April 2025. Ndiye amayi, pa mayiko asanu amene ali ndi mphamvu yokana chigamulo ku Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, awiri sakufuna kumufinya mopitirira, ndipo limodzi mwa awiriwo likulandira zipolopolo ndi asilikali kuchokera kwa iye.