Musagulitse munda chifukwa cha stem cell, ine ndinadutsamo

Achemwali, musagulitse munda umenewo chonde. Nditawerenga zoti amuna anu ali ndi fistula ya kumatako (kanjira kotulutsa mafinya kochokera m'matumbo) chifukwa cha matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn's ndipo wina wakulonjezani stem cell, thupi langa lachita tsembwe. Ndikulemba manja akunjenjemera.

Yanga inayamba ngati kachithupsa pafupi ndi potulukira chimbudzi. Apo n'kuti ndatsegula m'mimba miyezi ingapo, ndaonda, anthu kwathu ku Chinamwali ayamba kale kunong'onezana kuti aphunzitsi aja atenga kachilombo. Pa kachipatala kena kolipira anandiuza kuti ndi mudzi. Katatu konse ndinapitako, katatu konse anandilembera mafuta opaka, osandiuza n'komwe kuti vulani tione.

Tsiku limene sindidzaiwala ndinali pa minibasi yopita ku Blantyre, mu October, dzuwa likuswa mtengo. Kuchokera pa depoti ya Zomba ndinakhalira tako limodzi, thukuta lili kamukamu, mano nditaluma. Titangodutsa pa Thondwe galimoto inagwera m'dzenje, ndinamva chinthu chikuphulika, kenako kufunda kukutsikira m'ntchafu. Mafinya osakanikirana ndi magazi. Fungo lake, abale. Mayi amene ndinakhala nawo pafupi anaphimba mphuno ndi chitenje, kondakitala n'kuyamba kufunsa mokweza kuti wadziipitsira ndani muno. Ndinali nditavala thalauzi la khaki, panalibe chobisa. Ndinatsika pa Namadzi, ndinakakhala kuseri kwa golosale ina n'kulira, bambo wa ana atatu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kukaphunzitsa nditavala mapadi a mayi a kunyumba, ndipo m'kalasi ndinkaopa kutembenuka kuti ndilembe pa bolodi.

Ndi nthawi imeneyo pomwe m'bale wina wa kutchalitchi anandibwerera ndi timapaketi ta ufa woika pansi pa lilime, akuti stem cell yochokera ku maapulo ndi mphesa. Malipiro anga a miyezi iwiri anathera pomwepo, ndinafika pokatenga katapila. Mafinya atachuluka anandiuza kuti ndi poizoni akutuluka, ndisapite kuchipatala, ndigulenso paketi ina. Munthu akukuona ukuyenda motang'aza, akudziwa kuti ana ako akusowa fizi, koma akukuwerengera ndalama! Mpaka lero amandipatsa moni pakhomo la tchalitchi ngati palibe chinachitika, ndipo ndikamuona mtima umandiwawa kuposa bala lija.

Mankhwala enieni a stem cell a fistula ya Crohn's si ufa ayi. Dzina lake ndi Alofisel kapena darvadstrocel. Ndi maselo amoyo otengedwa m'mafuta a m'thupi la munthu wina. Dokotala wa opaleshoni amayamba wapala kanjira ka fistula, n'kusoka kabowo ka m'kati, kenako n'kubaya maselo 120 miliyoni m'mbali mwa kanjirako. Ku Ulaya anawavomereza mu 2018 potsatira kafukufuku wa anthu 212, pomwe theka la obayidwa mabala awo anatseka pofika masabata 24, pamene mwa amene sanabayidwe maselowo anatseka pafupifupi mmodzi pa atatu alionse. Koma kafukufuku wachiwiri, wokulirapo, zotsatira zake zitatuluka mu 2023 sizinaonetse kusiyana kokwanira, ndipo mu December 2024 mankhwalawo anachotsedwa pamsika ku Ulaya konko. Ndiye ngati enieniwo, obaya pa bala penipeni, zinawavuta chonchi, ufa wa apulo woika pansi pa lilime ukatseka bwanji kabowo kochokera m'matumbo?

Chimene chinandithandiza ine ndi dokotala wa opaleshoni amene anandiyang'ana bwinobwino. Anatulutsa mafinya, anandiika seton, kachingwe kofewa kodutsa m'kanjira muja kuti zoipa zizituluka osapanganso chithupsa, anandipatsa mankhwala opha tizilombo a metronidazole ndi ciprofloxacin. Colonoscopy (kuona m'matumbo ndi kakamera) ndi MRI (kujambula m'kati mwa thupi) ndinakachitira ku Blantyre. Muumirire kuti awayeze TB kaye. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's, komanso mankhwala a Crohn's ngati infliximab amatsitsa chitetezo cha m'thupi n'kudzutsa TB imene inangogona. Ndipo asalole munthu wongoti tiyeni ting'ambe, chifukwa mnofu wogwira chimbudzi ukadulidwa munthu amayamba kudziipitsira zenizeni. Wina akakuuzani kuti apite ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe, dziwani kuti kumeneko ndi kwa fistula ya amayi yobwera ndi uchembere, iyi ndi ina.

Choncho achemwali mverani madokotala amene awayang'ana bwinobwino, zimene anena muzitsatira, ndipo pirirani chifukwa matendawa safuna phuma. Komabe ngati muli ndi wachibale ku Johannesburg, amfunse dokotala wa matumbo kumeneko za stem cell yobayayo. Kunena zoona, ine nditapeza ndalama lero ndikhoza kuyesa, chifukwa seton ndikadali nayo, chaka chachitatu chino, ndipo ndatopa nayo. Amuna anuwo akayamba kutentha thupi, pamalopo pakatupa n'kumapweteka modukiza, musadikire kuti kuche, thamangani nawo ku Zomba Central usiku womwewo.