Nyumba imodzi yaikulu kapena mdadada wa lendi ku Chingodzi?

Bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia, wandilembera pa imelo kuti wapeza malo a mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, ndipo mtima wake uli pawiri. Akufunsa ngati kuli bwino kumangapo nyumba imodzi ya zipinda zogona zitatu, imene kuno timaitcha tipo 3, kapena kudzaza malo onsewo ndi zipinda za lendi monga achitira oyandikana naye.

Bambo, anansi anuwo sanapange zimenezo mwachibwana. Pa kalembera wa 2007 mzinda wa Tete unali ndi anthu pafupifupi 156,000, koma pofika 2017 anali atapitirira 300,000. Chimene chinakoka ambiri ndi malasha a ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, ndipo popeza pakati pa mzinda, pamene pali nyumba zakale za Apwitikizi ndi zosanjikizana zochepa, panalibenso malo, anthu anakhamukira kutsidya kwa Zambezi, kuwoloka mlatho wa Samora Machel, n'kukadzaza Matundo ndi Chingodzi. Ofuna chipinda alipo ndithu, ndipo ine sindingakuletseni kumanga za lendi. Chimene ndikukuletsani ndi kudzaza malo onse.

Inu mwazolowera mphepo yozizira ya kumapiri a Angónia, kumene munthu amafunda bulangete m'mwezi wa Juni. Ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nyumba yomangidwa mosaganizira zimenezi imasanduka uvuni. Chaka chatha ndinakacheza kwa mbale wanga amene amakhala pa lendi ku Matundo, pa malo ofanana ndi anuwa kukula kwake. Mwini malo anamanga midadada iwiri yoyang'anizana, ya mabuloko a simenti ndi malata otsika opanda siling'i, ndipo pakati pake anangosiya kanjira koti anthu awiri azipatukirana movutikira. Mbaula zonse zinkayatsidwa m'kanjirako, zovala zinkayanikidwa momwemo, ndipo usiku mabanja ankatulutsa mphasa n'kugona panja, udzudzu uli ng'wee, chifukwa makoma anali akadali otentha ngati chiwaya. Chipinda chilichonse chinali ndi zenera limodzi lokha, loyang'ana khoma la mnzake, kotero kuti mphepo inalibe polowera kapena potulukira. Mbale wangayo anandiuza kuti alendi sakhalitsa pamenepo, aliyense akapeza pena amasamuka.

Tawerengani nokha. Malo anu ndi masikweya mita 450. Mukamangapo zipinda khumi, chilichonse n'kukhala ndi banja la anthu anayi, ndiye kuti anthu 40 adzadalira mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Chimbudzi chokumba chimadzaza msanga pa anthu ochuluka chotero, ndipo amene anamanga mpaka kumpanda amasowa pokumba china, ngakhalenso podutsa galimoto yopopa. Imeneyi ndi nkhani imene omanga ambiri amaikumbukira mochedwa, fungo litayamba kale kuwakanganitsa ndi anansi.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi mdadada umodzi wa zipinda zitatu kapena zinayi kumbuyo kwa malowo, umene ambiri amautcha dependensiya, n'kusiya kutsogolo kuti nyumba yanu idzamangidwe pang'onopang'ono ndi ndalama za lendizo. Denga likhale lalitali, mazenera akhale mbali ziwiri zoyang'anizana, khonde likhale lotambalala, ndipo khoma lisagundane ndi mpanda. Ngati pamalopo pali mtengo wa masawu kapena wa nimu, musaudule, chifukwa ku Tete mthunzi ndi chipinda chimene banja limakhalamo nthawi yaitali kuposa zina zonse. Chipinda chilichonse chikhale ndi mita yakeyake ya magetsi olipiriratu, yotchedwa Credelec, ngati mungakwanitse, pakuti mikangano ya magetsi yathetsa maubale ambiri.

Palinso nkhani ya madzi. Mu Januwale 2022, namondwe Ana anasefukitsa mtsinje wa Revúbuè, umene umadutsa pafupi ndi Chingodzi, mpaka kugwetsa mlatho wa pamtsinjewo, ndipo malo otsika a m'mbali mwake anamira. Musanakumbe maziko, funsani anthu amene akhalitsa m'deralo kuti akulozereni pamene madzi anafika chaka chimenecho, kenako mukweze maziko anu kupitirira pamenepo ndi kusiya ngalande yoti madzi a mvula azitulukira kumsewu.

M'kalata yanu mwalemba kuti malowo munagula, ndipo mawu amenewa andidetsa nkhawa pang'ono. Malinga ndi lamulo la malo la 1997, nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT. Kapepala kosainirana ndi amene anakusiyirani malowo sikokwanira. Kaonaneni ndi mlembi wa bairo, amene amayang'anira dera lanulo, mupite ku khonsolo ya mzinda kuti akatsimikize malire ndi kulemba dzina lanu, ndipo mutengenso chilolezo chomangira musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.