Amayi, kamera yakale ndi yabwino, koma yang'anani polowera kadi musanalipire

Amayi, mwafunsa ngati mtsikana wanu amene wangomaliza Grade 12 angaphunzire kujambula zithunzi ndi kamera yakale, komanso kuti mungamugulire yotani kuno ku Lusaka osawononga ndalama zambiri. Inde angathe. Aja akukuuzani kuti mungomugulira foni yodula sanagwirepo kamera. Foni nthawi zambiri imadzisankhira chilichonse, ndiye mwana sadziwa chimene chadetsa chithunzi kapena chimene chachititsa kuti munthu woyenda aoneke mbuu. Kamera ya DSLR, ija yosintha malenzi, ngakhale ya 2008, akaiika pa M (manual) amasankha yekha kukula kwa bowo la lenzi, liwiro la shata (kachitseko kolowetsa kuwala) ndi ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala). Akalakwitsa amaona pomwepo.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musagule kamera yolowa kadi ya CF, kadi yosungira zithunzi yaikulu ija ya makona anayi. Ine zinandichitikira. Ndinagula Canon 400D kwa mnyamata wina amene ndinamupeza pa Facebook, tinakumana m'tauni chapafupi ndi Cairo Road. Anaiyatsa, shata inalira, ine n'kulipira pafupifupi K1,500. Kadi sanabwere nayo, akuti anaiwala kunyumba. Nditagula yanga n'kuilowetsa, kamera inakana kuiwerenga. Mkati mwa polowera kadi ya CF muli timapini 50 tating'ono ngati singano, ndipo kamodzi kanali kopindika kale. Wokonza anandiuza mtengo woyandikira umene ndinagulira kamerayo. Mnyamata uja foni yake siinalowenso. Mpaka lero kamerayo ili m'kabati, ndipo ndikaiona mtima umandiwawa, chifukwa zinali ndalama za miyezi itatu.

Choncho Canon 350D ndi 400D, zomwe zimalowa CF, zisiyeni, ngakhale akutsitsireni bwanji. Yambirani pa 450D, yomwe inatuluka mu 2008 ndipo imalowa kadi ya SD, yomweyi imene mungaipeze m'masitolo ambiri. 550D ndi 600D ndi zabwinonso, zimajambula ndi vidiyo yomwe, pamene 450D sijambula. Kwa Nikon, D3100 ya 2010 ndiyo ndikugwiritsa ntchito ine. Chenjerani apa: D40, D3000 ndi D3100 zilibe m'kati mota ya autofocus, yozungulitsa lenzi kuti chithunzi chioneke bwino, choncho zimafuna lenzi yolembedwa AF-S. Wina akakugulitsani lenzi yakale ya 50mm yolembedwa D, idzalowa bwinobwino koma mwana azidzazungulitsa ndi dzanja nthawi zonse.

Za mtengo, kamera ndi lenzi yake ya 18-55mm, batire ndi chaja, zinkagulidwa pakati pa K2,500 ndi K4,500. Zimasintha ndi dola, ndipo ogulitsa amayambira m'mwamba.

Tsiku logula pitani ndi kadi yanuyanu ya SD, musadalire ya wogulitsa. Jambulani zithunzi khumi, muzione, zimitsani kamera, yatsaninso, muone ngati zikadalimo. Chotsani batire muligoneke patebulo. Likamagwedezeka ndiye kuti latupa, lisiyeni. Kenako chotsani lenzi, muunike mkati ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo sichichoka ndi kansalu. Kuno chimabwera nthawi ya mvula anthu akasunga kamera m'chikwama chotseka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Jambulaninso khoma loyera bowo la lenzi mutalichepetsa mpaka pa f/16. Madontho akuda akaoneka pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse, ndi fumbi pa sensa, kachipangizo ka m'kati kolandira chithunzi. Limatsukika, koma likupatsani mphamvu yotsitsa mtengo. Wogulitsa akamakufulumizitsani, kapena akanena kuti batire latha ndiye muikayesere kunyumba, nyamukani.

Za ma megapixel, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, musavutike nazo. 12 akukwana kutsuka chithunzi chachikulu cha A4 chopachika pakhoma. Ndalama yotsalayo mugulire batire lachiwiri, poti ndi kuzima kwa magetsi kuno simungadziwe kuti mutchaja liti. Timapaketi tija ta m'bokosi la nsapato zatsopano musataye, muziika m'chikwama cha kamera kuti muzikhala mouma.

Akaipeza, mum'perekeze ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road m'mawa dzuwa lisanakwere. Ine ndinaphunzirira kumeneko. Osema ziboliboli amakhala malo amodzi nthawi yaitali, manja okha ndi amene akuyenda, ndiye mwana amapeza mpata wosintha liwiro la shata n'kuona kusiyana kwake. Ayambe wapereka moni ndi kupempha, ndipo akagula kanthu kakang'ono amamulandira bwino akabweranso. Kokha mumuuzitse kuti asaloze kamera ku State House kapena kumalo a asilikali, ngakhale ali m'minibasi.